Ming'oma ya Gottfrid pa Lupsa Lathu

Msasa wa njanji, kumpoto kwa Arvidsjaur
27 Meyi 1934

Wokondedwa Elvira, make Gunvor,

Ndiyambe ndi moyo wako ndi wa mwana. Chifuwa chija chamusiya Gunvor? Ine ndili bwino, kungoti msana umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti wilibala si m'bale wanga. Kalata yako ndinailandira Lachisanu, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo.

Iwe ukuti mbatata wabzala kale, kuno chipale chikadali mbuu pansi pa mitengo. Tikuthira mtumbira wa njanji pa dambo lopanda polekezera. Ukathira dothi lero, mawa dambo lameza, kapitawo n'kumakuyang'ana ngati wadya ndiwe. Amatiphikira ndi Mayi Hildur. Usayambe zoganizaganiza, ndi aakulu kuposa amayi ako, ndipo ndevu akundiposa. Chakudya chake n'chimodzimodzi, chikondamoyo chokazingira m'mafuta a nkhumba m'mawa, masana ndi madzulo.

Ndatumiza makorona makumi awiri. Umugulire mwana nsapato zokulirapo, akule nazo. Yotsalayo ugule mchere ndi palafini. Khofi kuno ndi wodula ngati mankhwala, ndiye wako uzimwa mondikumbukira. Ng'ombe usaimangirire kumunsi kwa chitsime, kuja kukadali matope.

Tsopano za Gottfrid wa njuchi. Ukuti wapempha kudzaika ming'oma yake pa lupsa lathu, paja ndinagwetsa mitengo n'kutentha zaka ziwiri zapitazo ndikufuna kutsegula munda, hatchi yolimira n'kundisowa. Akuti duwa la palupsa lamera lokhalokha pamenepo, ndipo uchi wake ndi woyera, umayenda malonda. Akuti adzatipatsako gawo. Nkhaniyi ndaitafuna tsiku lonse ndikukankha wilibala.

Si kuti ndikumukaniza munthuyo. Koma dera lonse lija mulibe lupsa lina? Kwa aneba athu a Blomgren kunapsa nkhalango yathunthu, bwanji osapita kumeneko? Ndiponso sindinaiwale kuti ine ndisanatulukire, amene ankakuperekeza pochokera kuzovina anali iyeyo. Mkazi wake anamwalira, ali ndi hatchi, ali ndi nyumba yamawindo anayi kutsogolo. Ine ndili kuno ndi fosholo.

Komabe uchi ndi uchi, mwana adyeko. Umuuze chonchi. Ming'oma ibwere duwa loyamba likatseguka kutsinde, ndipo maluwa akakwera n'kufika pansonga, ming'oma ichoke, mwini wakenso achoke. Duwa lija silinama, limayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, aliyense wodutsa atha kuona pamene lafika. M'nyumba asalowe. Ngati n'kofunika khofi, amwere pakhomo, chiimire.

Undipsompsonere Gunvor pamphumi.

Ndine wako,
Sixten


Msasa womwe uja
24 Juni 1934

Elvira wanga,

Moni kwa iwe ndi kamtsikana kathu. Ndakondwa kumva kuti nsapato zamukwana ndipo akugona nazo. Ine thupi lili bwino. Udzudzu wokha ndiwo wandisandutsa munda wake.

Sungakhulupirire mmene kwasinthira kuno. Mdima kulibenso. Dzuwa limangobisala pang'ono kuseri kwa mitengo n'kutulukanso, ndiye zomera sizigona. Masamba anaphuka ndikuyang'ana, udzu wandifika kale m'maondo. Zimene kwathu zimatenga mwezi, kuno ndi sabata. Ndikuona kuti chilimwe cha kuno chakupezani kale ndipo chikupitirirani.

Duwa lija lilinso kuno, lamera m'mbali monse mwa mtumbira, paliponse pamene tavundula dothi. Silinayambe maluwa. Edvin, mnzanga wamtali amene timakankha naye wilibala, akuti ndi duwa lathu anthu a njanji, chifukwa kumene tadutsa ndi fosholo nalonso limatsatira. Ndinamuuza kuti kwathu lili pakhomo penipeni, ndipo ndinalakwitsa kutchula za ming'oma.

“Ndiye iwe uli kuno kudyetsa udzudzu, mnzako ali kwanu kudyetsa njuchi?” anatero Edvin, fodya ali tunthu m'mlomo.

“N'zamalonda zimenezo,” ndinatero.

“Eya, malonda. Ali ndi mkazi mkuluyo?”

“Anamwalira.”

“Mayo ine! Anyamata, bwerani mudzamve. Sixten wasiya uchi pakhomo, chitseko chosakhoma!”

Onse anafa nacho chiseko, mpaka Mayi Hildur anamenya mphika ndi chipande. “Musiyeni mwana wa eni, inu akazi anu anakuthawani kalekale.” Nanenso ndinaseka nawo, koma mbale yanga ndinaikankhira pambali.

Dzulo tinachita chikondwerero cha pakati pa chilimwe. Tinaimika mtengo wamasamba, wina anakoka kodiyoni, amuna okhaokha kuvinitsana ndi majombo amatope. Ndinakumbuka diresi lako labuluu. Kodi unapita kuzovina kubwalo? Sunanene. Ngati unapita, unabwerera ndi yani? Ndikungofunsa, msewu uja ndi wautali kwa munthu wonyamula mwana.

Walemba kuti Gottfrid wakonza chitseko cha khola ndipo wanola chikwakwa. Ndani anamutuma? Chitseko chija ndinanena kuti ndidzakonza ndekha pobwera, ndipo chinkatsekeka bwinobwino ukachinyamula pang'ono. Walembanso kuti Gunvor akumutchula kuti amalume a njuchi. Mwanayo ali ndi amalume ake enieni awiri, safunika wachitatu.

Ukuti maluwa ayamba kale kutseguka kutsinde ndipo ming'oma yafika. Yafulumiratu. Chabwino, poti yafika yafika. Uziyang'ana phesi, nanenso ndiziyang'ana la kuno.

Ndalama ya mwezi uno ichedwako pang'ono, pali zina zimene kapitawo watidula. Si nkhani yaikulu. Msipu ukauma upemphe ana a Blomgren akuthandize kututa, osati wina.

Mwamuna wako,
Sixten


15 Julayi 1934

Make Gunvor,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani nonse muli bwino. Ine ndili bwino. Zolembazi zikaoneka zokhota usadabwe, dzanja lamanja latupa pang'ono. Linagunda chinthu cholimba, likupola.

Lero Lamulungu, ndinakhala pamtumbira ndikuyang'ana duwa lathu. Latseguka tsopano, timaluwa tofiirira tiwiri titatu kutsinde, pamwamba ponse pakadali potseka. N'lokongola, sindikana. Ndinakumbuka mmene unkaimira pakati pake chaka chatha, lokufika m'mapewa, ukukolola masamba a ng'ombe. Ndinakusowa kwambiri, Elvira, mpaka ndinadzuka n'kukawaza nkhuni za Mayi Hildur popanda wondituma.

Iwe walemba kuti kwanu maluwa apitirira theka la phesi. Apa ukukokomeza. Kuno kumene dzuwa silipuma angoyamba kumene, nanga kwanu kumene kumada athamanga bwanji chotero? Mwina wayang'ana phesi limodzi la pamwala. Ukayang'anenso bwino.

Ndakondwa kuti mkaka wachuluka chiyambire kuipatsa ng'ombe masamba aja. Batala ukagulitse wekha kusitolo, usapatsire wa njuchi uja ndi ngolo yake.

Koma pali mawu ena m'kalata yako amene andikhala pakhosi. Ukuti njuchi zinasamuka mumng'oma n'kukaunjikana pa mtengo wa maapozi, ndipo unamugwirira makwerero Gottfrid. Ukuti imodzi inakuluma pakhosi, iye n'kukuchotsa mbola. Walemba ngati nkhani yoseketsa. Anachotsa ndi chiyani, mpeni kapena zala? Pakhosi pati, pambali kapena kumunsi? Kalilole m'nyumbamo mulibe? Ine ndakhala nawe zaka zonsezi, njuchi sinakulumepo, lero ndangochoka zayamba kukudziwa.

Ndiponso munthu wa njuchi amabwera kangati pa sabata? Bambo anga anali ndi ming'oma iwiri, ankaiyendera akakumbuka, njuchi zinkadziwa zokha ntchito yake. Uyu m'kalata iliyonse alimo. Lolemba anabwera, Lachinayi anabwera, anabweretsa chisa cha uchi cha mwana. Za ine umangolemba kumapeto kuti uzivala masokosi ouma.

Ndikudziwa uziti Sixten wayamba misala yake. Mwina. Ndili ndi nsanje, ndanena, ndisabise. Ndikamakankha wilibala ndimaona lupsa lonse lija lili psuu, njuchi zikulira, iwe uli pakati, ndipo munthu amene waima pafupi nawe si ine. Ndinatentha malo aja ndi manja anga, nsidze zinapserera, kuti tidzadye buledi wa m'munda mwathu. Lero akukolola ndi wina.

Edvin sitikukankhanso wilibala imodzi. Kapitawo watisiyanitsa. Pakamwa pake pankanena zambiri, tsopano pachepako.

Ndatumiza makorona khumi ndi asanu. Denga la khola likadontha ungotchera ndowa, ndidzakonza ine. Umuuze Gunvor kuti abambo ake amupangira kahatchi kamtengo, katsala mchira.

Ndine,
Sixten


5 Ogasiti 1934

Elvira,

Moni. Ndamva kuti muli bwino, nanenso ndilipo.

Kalata yako ndaiwerenga nditaima pamtumbira, duwa lili patsogolo panga. Walemba kuti kwanu maluwa afika pansonga, athothoka, ndipo Gottfrid wapakira ming'oma yake pangolo n'kupita nayo kumapiri kumene kwayamba maluwa ena. Ukuti tsopano mtima wanga ukhale pansi, sabweranso.

Ndinagwira phesi limodzi n'kuliyeza ndi dzanja. Maluwa ali pakati penipeni. Ndinayenda m'mbali mwa njanji mpaka kumlatho, ndikuyang'ana lililonse, lapadzuwa ndi lapamthunzi lomwe. Palibe ndi limodzi lomwe limene layandikira pansonga. Njuchi zam'tchire zili piringupiringu, ntchito ili mkati. Ndiye undiuze kuti kwanu zatha?

Duwa ndi lomweli, Elvira. Dziko ndi lomweli, mwezi ndi womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti la kuno lakhala likumwa dzuwa usana ndi usiku, ndiye ngati pali lofunika kutsogola ndi la kuno. Munthu wa njuchi sachotsa ming'oma maluwa ali pakati, ameneyo ndimamudziwa, pa ndalama sagona. Ming'oma ikadali pomwepo. Funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani ukufuna kuti ine ndiziganiza kuti yachoka?

Ndinawafunsa Mayi Hildur mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Anandiyang'ana akusenda mbatata.

“Munthu winayo dzina lake ndi Sixten eti?”

“Ndangofunsa, mayi.”

“Mwana iwe, kwanu zinthu zimayamba msanga n'kuthanso msanga. Suona anzako akummwera amabwera ndi mabulosi akupsa kuno asanachite n'komwe maluwa.”

“Amenewo ndi mabulosi.”

“Nanga duwa lako lili ndi mutu wakewake? Idya, ukagone. Nkhope yako ikundisasitsira mkaka.”

Mayi amenewa sanapondepo kummwera chibadwire, ndiponso akazi mumaikirana kumbuyo, zimenezo ndikuzidziwa. Ndinawathokoza n'kutuluka.

Ukanangondiuza kuti akubwerabe, ndikanapsa mtima n'kuzizira. Koma ukandiuza chinthu chimene maso anga akuchikana, ndiganize chiyani? Tulo sitikubwera. Dzulo ndinagubuduza wilibala yodzaza m'dambo, kapitawo ananditukwana pamaso pa anthu, ndipo pali mawu ena amene ndinamubwezera. Tidzakamba.

Undiyankhe mwachangu, ndipo undiuze zoona. Ndikhululuka ngati undiuza wekha. Ndalama sinditumiza sabata ino.

Sixten


12 Ogasiti 1934

Mayi Elvira,

Za moyo sindifunsa, ndikuona kuti muli bwino kwambiri.

Ndatsegula envelopu yanu anthu akuona, thonje loyera n'kuuluka m'chisakasa monse, lina kugwera m'supu ya Edvin. Mwalemba mizere iwiri yokha, yakuti nali thonje la duwa lako, ona wekha kuti maluwa anatha. Anyamata aseka mpaka kugwira m'mimba. Edvin akuti, “Akutumizira pilo pang'onopang'ono, ugonere konkuno mpaka kalekale.”

Mukundiyesa mwana? Ndani sadziwa kuti chaka chatha munakolola thonje lomwelo thumba lathunthu n'kusokera m'pilo wa Gunvor? Ndinakugwirirani thumbalo ndine. Kutumbula msoko wa pilo n'kutapamo pang'ono ndi ntchito yovuta? Nzeru imeneyi ndi yanu kapena anakupatsani ndi amalume a njuchi, mutakhala pamodzi patebulo langa?

Kuno maluwa akadali psuu kuyambira pakhomo mpaka kumene maso alekezera. Ndikawayang'ana ndimamva ngati akundiseka.

Ndakhala ndikukumbuka zambiri. Ndakumbuka kuti pa ukwati wathu Gottfrid anachoka msanga osatsanzika. Ndakumbuka kuti chaka chimene ndinkadula mitengo kutali m'nyengo yachisanu, nkhuni anakubweretserani ndi iye. Chithunzi cha Gunvor chija munandiikira m'chikwama ndachitulutsa, ndachiyang'ana nthawi yaitali pawindo, ndikufunafuna nkhope yanga. Tsitsi lija si la kwathu. Sindinena zambiri.

Ngati mwasankha nyumba yamawindo anayi, pitani masana anthu akuona, musandisunge ngati chitsiru chotumiza ndalama. Ine ndikubwera. Tsiku sindikuuzani. Ndidzafika ndi maso anga, ndidzaime pa lupsa langa, ndidzawerenge ming'omayo ndekha.

Ntchito kuno musaiderenso nkhawa, yatha. Amene anayamba ndani zilibe kanthu.

S.


Pa siteshoni ya Mora
20 Ogasiti 1934

Elvira, mkazi wanga,

Ndikulemba pabenchi, ndikudikira sitima ina. Uli bwanji? Mwana ali bwanji? Ine sindili bwino, ngakhale palibe pamene pakupweteka.

Ndinakwera sitima ndili ndi mawu okonzeka m'kamwa, ena a iwe, ena a Gottfrid. Ndinakhala pawindo. Duwa lija lili m'mbali mwa njanji njira yonse, silikusiya ngakhale pang'ono, ndiye ndinati ndiziliyang'ana kuti mtima usazizire. Pochoka kumsasa linali litapitirira theka, pamwamba pakadali potseka.

Tsiku loyamba sindinaone kusintha kwenikweni. Kutacha, chakufupi ndi Östersund, ndinapukuta galasi ndi mkono wa jekete. Maluwa anali atakwera, atsala ochepa kunsonga, kumunsi kuli timakoko ta njere tatitali tofiira. Ndinati mwina ndi malo ouma. Tinadutsa dambo, n'chimodzimodzi. Tinadutsa lupsa lalikulu, n'chimodzimodzi. Sitima ikamatsika kummwera, maluwa ankakwera phesi ine ndikuona.

Moyang'anana nane munakhala agogo ena aamuna ndi dengu la nkhuku. Anandifunsa, “Bwanji achimwene, mwataya chinthu panjapo? Chiyambire m'mawa mphuno ili pagalasi.”

Ndinati, “Duwali, bambo. Kumpoto likadali pakati.”

“Aa, kumene kuja n'kochedwa chilichonse. Kuno tatsanzikana nalo. Mukupita kuti?”

Nditawauza, anaseka. “Kumeneko ndiye mukapeza thonje lokhalokha, mwinanso mphepo inamwaza kale.” Anandipatsa dzira lophika, ndinangoliika m'thumba la jekete.

Pano pa Mora mapesi ayera kumunsi, kaduwa kamodzikamodzi kali kunsonga. Sitima ikadutsa thonje limanyamuka n'kumatera pa zipewa za anthu. Lina latera papepala lino, ndi lofanana ndendende ndi limene unanditumizira, latsopano, lonyezimira. La m'pilo limakhala lothinana ndi lotuwa, ndinkadziwa zimenezo, koma tsiku lija sindinafune kudziwa.

Elvira, kalata ya pa 12 ija ngati sunaitsegule, uiponye pamoto. Ndikudziwa kuti unaitsegula. Ino ndiiponya pompano, kaya ifika ine ndisanafike kaya tifikira limodzi. Kahatchi ka Gunvor kali m'thumba, mchira ndinamaliza.

Ndine mwamuna wako ndithu,
Sixten


Kunyumba
24 Ogasiti 1934

Wokondedwa Elvira,

Kumene uliko, ndikupempha Mulungu kuti ukhale uli bwino, iwe ndi mwana wathu. Ndalemba kuti wathu, uwerenge kawiri.

Ndinafika dzana masana. Kiyi ndinamupeza pansi pa mwala wake. Kalata yanga ya ku Mora ndinaipeza ndekha m'bokosi kumsewu, yosatsegula, ndaiika muno. M'nyumba mwasesedwa, mbaula yazizira, diresi labuluu palibe pamsomali. Pilo wa Gunvor unamusiya pabedi. Ndinamutembenuza mbali zonse, ndisaname, msoko wake ndi wakale uja, ulusi wofiira umene unasokera chaka chatha. Patebulo pali mabotolo a uchi, gawo lathu, osatsegula.

Ndinapita pa lupsa. Payera ponse, mapesi auma, thonje lambiri linauluka kale. Pamene panali ming'oma pakuoneka, koma udzu umene unafota pansi pake waphukanso, wabiriwira. Inachoka kale ndithu, nthawi imene unanena ija. Mbatata wapalira bwino, msipu uli m'khola. Zonsezi unachita wekha, ine ndili kalikiliki kuyeza mapesi.

Ng'ombe munalibe m'khola. Mayi Blomgren anandiuza ali kuseri kwa mpanda, osandiitanira khofi, kuti ili kwa Gottfrid. Nsanje inandigwiranso, Elvira, ngakhale pambuyo pa zonse ndinaona pawindo la sitima. Ndinapita chothamanga. Ndinamupeza akukama ng'ombe yathu, chipewa chili kumbuyo.

“Wafika, Sixten,” anatero osadzuka.

“Mkazi wanga ali kuti?”

“M'nyumbamo mulibe, ngati ndi zimene ukufunsa. Lowa ukayang'ane, usaiwale pansi pa bedi.”

Sindinalowe. Koma maso anapita okha pamawindo aja, ndipo iye anaona.

Anandiuza kuti unabwera m'mawa wina ukukoka ng'ombe, mwana ali kudzanja linalo, maso ali otupa. Unamupempha asunge ng'ombe, chifukwa a Blomgren khola lawo ndi lodzaza, ndipo akuperekezeni pangolo kusiteshoni. Akuti njira yonse Gunvor ankangofunsa ngati mukupita kukachingamira ababa. Wapeza ntchito m'tauni, yochapa zovala pa nyumba ya alendo. Tauni yake sananene.

“Undiuze,” ndinatero.

“Anandiletsa.”

“Ndi mkazi wanga, Gottfrid!”

“Ndikudziwa. Ndinamufunsira ine poyamba, anandikana chifukwa cha iwe, munthu wopanda ngakhale hatchi. Chilimwe chonse chino khofi ndamwera pakhomo chiimire ngati wopemphetsa, akuti Sixten anatero. Ndiye iwe n'kumulembera zimene unalembazo?”

“Anakuwerengera?”

“Ayi. Anangoti za duwa akanaseka, za ine akanapirira. Koma za tsitsi la mwana, ayi.” Anapitiriza kukama, kenako anati, “Amayi ako omwe anali ndi tsitsi lotero asanachite imvi. Dera lonse likukumbuka, kupatula iwe.”

Ndinatenga chingwe cha ng'ombe, iye anandipatsa ndowa ya mkaka, tinayenda limodzi mpaka pamphambano.

Elvira, ntchito ndilibe, ndalama imene ndabwera nayo yangokwana ufa ndi mchere. Ndilibe chokukopera nacho. Ndakonza denga la khola. Chitseko ndachiyesa, chikutsekeka bwino kuposa mmene ndikanakonzera ine, zimenezonso ndavomera. A Blomgren akufuna munthu wodula mitengo chisanu chikayamba, ndipita, n'pafupi, ndizigona kunyumba. Lupsa sindiligwira mpaka unene. Ukafuna munda ndilima ndi khasu, ukafuna maluwa ndi ming'oma chaka chamawa, ibwere, mwini wake adzamwere khofi m'nyumba atakhala pampando.

Zimene ndinalemba za Gunvor ndi bodza loipa, ndipo ndinalilemba kuti likupweteke. Ndikhululukire. Ngati sungathe tsopano, undilole ndidzangomupatsa kahatchi kake, ndidzaima panja. Uchi sinditsegula mpaka mudzabwere nonse.

Nsanje sinathe, ndisakunamize pamene ndikupempha chikhululuko. Ikundidya panopa kuposa kale, chifukwa munthu mmodzi yekha m'dera lino ndiye akudziwa kumene ukugona, ndipo si ine. Wavomera kukaponya kalatayi mawa popita ndi uchi kumsika. Ndiimata bwinobwino, ndikamupatsa m'manja.

Ukailandira usadabwe kuona zolemba za anthu awiri pa envelopu. Dzina lako ndalemba ndine. Kumene uli alemba ndi Gottfrid.

Ndine mwamuna wako, ngati ukundilolabe,
Sixten